Mayi wamanzere wa m'lipoti langa

Aphungu,

Mtima wanga suli m'malo. Ndine wofufuza za kakhalidwe ka anthu, ntchito imene amayi anga mpaka lero amati ndi yofunsa anthu zosandikhudza. Miyezi iwiri yapitayo fakitale ina yosoka zovala inandipatsa ganyu wofufuza chifukwa chake amayi akusiya ntchito motsatizana. Ndinacheza ndi amayi khumi ndi anayi kuseri kwa chipinda chositira, ndipo aliyense ndinamulonjeza kuti dzina lake silituluka.

Mayina ndinachotsadi. Koma pofuna kuti lipoti likome ndinalemba kuti, "Mayi wina wamanzere, wosoka makolala, akuti kapitawo amawatsekera chimbudzi mpaka belu lilire." Aphungu, m'fakitale monsemo wamanzere wosoka makolala ndi mmodzi yekha. Akulera yekha ana atatu.

Dzulo bwana wamkulu wa fakitaleyo anandiitana. Analoza mzere umenewo n'kunena kuti, "Uyu tamudziwa kale. Tipatseni kope lanu lija munkalembamo mayina tione enawo, tikufuna kuwathandiza." Ndinanama kuti ndikalifunafuna. Kopelo lili m'chikwama changa, ndipo ndikumalowa nalo ngakhale kubafa.

Mnzanga amene ndinaphunzira naye akuti ndipite ku bungwe lathu la akatswiri a za kakhalidwe ka anthu m'dziko muno. Kunena zoona ndinalowamo pofuna satifiketi yopachika pakhoma basi, ndipo ndimaliona ngati la misonkhano ndi tiyi. Nanga ndikakaulula kulakwa kwangaku, sakandifufuta m'kaundula? Ndichite bwanji?

N.K.

A N.K.,

Kopelo lisachoke m'manja mwanu, ngakhale bwanayo akumwetulireni bwanji. Akanafunadi kuthandiza akanatsegula chimbudzicho, mayina alibe nawo ntchito.

Bungwe mukulinyozalo ntchito yake ndi imeneyi. Limaika malamulo a kafufuzidwe koyenera, limateteza anthu amene amakuuzani zakukhosi, komanso limaima ndi membala wake akapanikizidwa. Tiyi uja ndi wongotsitsira kukhosi.

Lero lomwe imbirani komiti yake yoona za khalidwe pa ntchito. Fotokozani zonse, ndi za wamanzerezo, osakometsera. Pemphani kalata yopita kwa bwanayo yonena kuti malamulo a ntchito yanu sakulolani kupereka mayina. Mukakana nokha angoti ndinu amakani, koma kalata ya bungwe aiwerenga kawiri. Kukudzudzulani akakudzudzulani ndithu, ndipo mukuyenera. Za kaundula sindingakulonjezeni kanthu, koma ndi bwino amve kwa inu mwini kusiyana n'kuti adzamve mayiyo atachotsedwa kale ntchito.

Mukatero mukamupeze mayi uja, koma osati pageti la fakitale pamene maso ali mbwee. Muuzeni zimene munalemba, mupepeseni, ndipo pemphani bungwelo limulumikize ndi odziwa malamulo oteteza ogwira ntchito.

Chenjezo langa ndi ili: musataye nthawi kulira ganyu, chifukwa kufakitaleko mwina sadzakuitananinso, ndipo mudzapeza wina. Mayi uja anakuuzani za chimbudzi pokhulupirira kuti ndinu wosunga pakamwa. Lolemba m'mawa inu mukhala muli mu ofesi yanu, satifiketi ili pakhoma, koma iye akakhala pa makina, kapitawo ataima kumbuyo kwake. Musadikire Lolemba.