Mafuta Anga Athera pa Chigafa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nsaru tilipo, amayi chifuwa chija chinatha.

Koma ine ndapsa mtima. Miyezi itatu ndakhala ndikutentha utuchi wa bulugamu mumgolo wotseka, utsi wake n'kumauziziritsa m'paipi, mpaka ndinapeza mafuta akuda botolo limodzi. Aphunzitsi anga akale akuyunivesite anavomera kuwayeza Lolemba lino, aone ngati angayake bwino.

Dzulo ndinapeza amalume atapaka onse pa mizati ya chigafa chawo cha fodya. Akuti, "Si oyilo wakutha kodi? Chiswe chandivuta, mphwanga. Sukulu unaithawa, zoyezayeza n'zachiyaninso?"

Aimbireni foni, inu amakuopani. Ine ndikatsegula pakamwa ndiwatukwana. Munditumizirenso loko wamkulu, ndikuyambiranso mawa.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu.