Kabokosi ka Alamu

Lolemba, 4 Malichi

Mng'ono wanga wabwera ndi timabokosi take lero. Tisanu, takuda, kalikonse ndi kanyali kobiriwira. Kamodzi ka situdiyo yanga, kena ka Atelala, ka Ometa a pamwamba pangapa, ka a Famase ogulitsa mankhwala pansi, kachisanu ka Alamu. Inde, Alamu a tsidya la khonde. Akazi a achimwene, mayi amene ndinawaphunzitsa ndekha kugwira kamera, iwo n'kudzanditsegulira situdiyo moyang'anizana ndi chitseko changa. Chaka chachiwiri chino, moni wa m'mphuno basi.

Mmene wafotokozera mwanayu: chithunzi changa chilichonse kompyuta izichitseka ndi kiyi wa mawu odziwa ine ndekha, izichiduladula, zidutswazo n'kuzimwaza m'timabokosi tonse kudzera pa intaneti. Za anzanga chimodzimodzi. Palibe kabokosi kosunga chinthu chathunthu, palibenso bwana. Tiwiri titafa, titatu totsalato tingabweze zonse. Sukulu ndinamulipirira ija yayamba kubala, kaya.

Ndati Alamu achotsedwe. Akuti, "Achemwali, mulibe mpando wa tcheya umu, simungathamangitse munthu." Mwana wopanda ulemu. Ndamugulirabe chakumwa chozizira.

Lachitatu, 6 Malichi

Ometa aulula okha pakhonde kuti dzulo anayesa kusuzumira m'kabokosi kawo. Amafuna aone ngati a Famase amasunga mayina a azibambo ogula mankhwala a mphamvu. Akuti angopezamo zilembo zopanda mutu, ngati nyerere zobalalika. Akwiya ngati awabera. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Munthu amene nkhani simugonera m'mimba, lero akusunga zinsinsi za nyumba yonse osadziwapo ngakhale chimodzi!

Ndiye kuti Alamu nawonso sangaone zanga. Mtima pansi pang'ono. Koma kuganiza kuti zidutswa za zithunzi zawo zokhota zija zikugona pansi pa tebulo langa, zikudya magetsi anga... Chala chinafika pa swichi. Ndachibweza. Ndinaleredwa bwino ine.

Lamlungu, 10 Malichi

Ukwati wa dzulo, eee! Miyendo ikuwawabe. Mayi a mkwatibwi chipewa ngati ambulera, pachitseko kulowa chammbali. Ndawatcha Mayi Chipewa. Analamula kuti aliyense foni m'thumba, wojambula ndi mmodzi, ine. Ndinawakonda pomwepo.

Kenako chinthu chija. Bambo a mkwatibwi, amene akhala pa njinga ya olumala chigwereni sitiroko, anagwira mkono wa mwana wawo n'kuimirira. Anavina naye pang'onopang'ono, phazi limodzi likukwekwereza. Holo yonse zii, kenako kukuwa ndi kulira pamodzi. Ine misozi chuchuchu kuseri kwa kamera, chala chikudina chokha. Chiyambire ntchitoyi sindinajambulepo chokoma chotere.

Zonse ndaika m'kompyuta. Khadi la kamera ndafufuta, mawa ndili ndi ana a sukulu ya mkaka.

Lachinayi, 14 Malichi

Lendi yakwera. Inki yakwera. Amene sakukwera ndine ndekha.

Kwa Alamu chitsekereni Lolemba. Loko wamkulu pachitseko. Atelala akuti makasitomala kulibe, magetsi anawadulira. Ndimayesa ndisangalala. Ndasangalaladi mpaka masana, kenako khonde layamba kuoneka lalitali. Palibe wondikwiyitsa ndi nsapato zake za ko ko ko.

Atelala nawonso! Ndawapeza atazula kabokosi kawo, pa soketi pali simbi, akusita suti. Akuti, "Enawo si akuyaka? Kangaka kapumeko." Ndawauza kuti tonse tikaganiza choncho tidzalira tsiku limodzi. Akuti ndimalankhula ngati wailesi.

Lolemba, 18 Malichi

Mayo ine.

Paipi ya kwa Ometa inaphulika Loweruka atatseka. Madzi Lamlungu lonse, popanda woona. Ndatsegula m'mawa, siling'i ili pa tebulo, kompyuta ikudontha, kabokosi kanga kali m'thamanda. Ka Ometa nakonso kamira. Makamera anali kunyumba, mwayi wake ndi umenewo.

Mayi Chipewa abwera Lachisanu kudzasankha zithunzi. Khadi ndinafufuta. Wa foni palibe anajambula. Bambo aja sindingakawauze kuti imiriraninso, kompyuta yanga inanyowa.

Ometa atsika manja ali kumbuyo, ati mnzako akapsa ndevu mzimire. Ndawayankha kuti madzi ozimira ndevuwo abwera nawo ochuluka. Sanaseke. Inenso ayi.

Mng'ono ali kutali ndi za kuntchito, abwera Lachitatu. Pa foni wangoti titatu tikhale toyaka, basi. Ka a Famase sikazima, anthu a dongosolo. Ka Atelala ndakalumikiza ndekha, simbi ndalanda, ili m'chikwama changa. Tiwiri. Kachitatu kali kuseri kwa loko uja, mumdima, mopanda magetsi. Akuti ndikalankhule ndi Alamu. Bola kundizula dzino.

Lachiwiri, 19 Malichi

Ndapita kwawo. Njira yonse kuyeserera mawu. "Alamu, ndinalakwa" amandilemera. "Alamu, tithandizane" amamveka ngati ndabwera kudzakongola. Ndagula shuga kuti ndisafike chimanjamanja.

Anditsegulira okha, achimwene ali kuntchito. Aonda. Andipatsa mpando, madzi akumwa, andifunsa za ana. Ndamwa madziwo. Ndikweza maso, pamwamba pa firiji, atakayalira kansalu koluka, kabokosi! Kanyali kobiriwira kali phethiphethi.

Akuti tsiku lomwe anawadulira magetsi anakanyamula m'chikwama n'kudzakalumikiza kunyumba. Intaneti akuchita kupatula pa ndalama ya pakhomo. "Muli ntchito za anthu umu, alamu. Zanu zomwe. Ndikanakazimitsa bwanji?"

Ine amene chala chinafika pa swichi! Manyazi kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mawu ndinakonza aja onse anathawa, ndangoti shugayu ndi wa ana. Ndalira, alira, kenako tayamba kuseka za Ometa ndi nyerere zawo. Andiperekeza mpaka pa siteji, andinyamulira chikwama. Adabwa kulemera kwake. Ndinaiwala kuti muli simbi.

Lachitatu, 20 Malichi

Mng'ono wafika ndi kompyuta yobwereka. Ndalemba mawu a kiyi aja, Atelala, Ometa ndi a Famase ali kumsana kwanga ngati akuonera mpira. Kamzere ka pa sikirini kakukwawa, kakukwawa. Ometa ayamba kupemphera mokweza, ndawaletsa. Kenako chipewa! Chipewa chonse, chadzaza sikirini. Sindinakondwerepo kuona chipewa chonchi. Kenako bambo aja ali chiimire, mwana wawo atatsamira paphewa pawo. Zonse zabwerera, ndi zija zomwe ndinajambula chala changa mwangozi.

A Famase, anthu osaseka aja, aomba m'manja. Ometa alonjeza kugula timabokosi tiwiri tatsopano ndi kumeta ana anga ulere mpaka adzamere imvi. Tiona. Simbi ndabweza, Atelala akagula soketi ya malo awiri popanda wowatuma. Mng'ono akuyenda pakhonde ngati nyumbayi anamanga ndi iye. Ayende, akuyenera.

Siling'i ikadali chibowo. Ndikakhala pa tebulo ndimaona nsapato za anthu ometedwa.

Lachisanu, 22 Malichi

Mayi Chipewa aona chithunzi chija, avula chipewa. Kumutu imvi zokhazokha, nkhope yaing'ono, mayi wotopa basi. Asisita sikirini ndi chala pamene pali amuna awo. Akufuna chachikulu cha pabalaza. Za madzi sindinawauze.

Mawa ukwati wina, waukulu, wofuna makamera awiri. M'mawa ndatumiza uthenga kwa Alamu: bwerani ndi kamera yanu, malo alipo kuno. Ndimafuna ndinene kuti abwere ndi kabokosi komwe, mng'ono wandikaniza. Akuti kakhale pa firiji pomwepo, tonse tikakhala m'nyumba imodzi tidzamira limodzi. Chabwino. Kabokosi katalikire, mwini wake ayandikire.

Alamu sanayankhe. Ndasuntha tebulo, ndabwereka mpando kwa Atelala, ndaupukuta, ndaupukutanso. Foni zii. Mwina ndachedwa, zaka ziwiri si masewera. Mwina akuyesa ndikungowamvera chisoni. Pomwe zithunzi zawo si zokhota ayi, ndimangonena. Pojambula ana amandiposa, koma zimenezi zithere m'buku muno.

Dikirani kaye. Pa masitepe.

Ko, ko, ko.

Nsapato zimenezo ndikuzidziwa ine