Ma GB awiri aja apita kuti?

Gulu: Kwathu (Amayi, Janelle, Wade)
Lachinayi

Amayi 10:52
Janelle mwanangu ndikufunse kanthu, koma usamuuze mlongo wako.

Amayi 10:53
[chithunzi]
Laputopu yatsopano ija. Pabokosi analemba memore 16 GB. Apa pakuti 16.0, kenako pambali akuti yogwira ntchito ndi 13.8 basi. Awiri enawo apita kuti?

Amayi 10:58
Anti ako Bev ndi amene aona. Akuti timemoreti timazuka ngati batire, ndipo ku pinyolo amagula osafunsa.

Amayi 11:04
Wade anakhala nayo kuchipinda kwake masiku awiri, ati akundikonzera. Chitseko chotseka.

Amayi 11:15
[voisi 0:34] "Sindikuti waba ayi. Miyezi naini osagwira mapilisi ozunguza bongo aja, kumisonkhano ya anthu osiya mapilisiwo akupita, ntchito ya matayala akugwira, ndikuona ndithu. Koma zida za malemu bambo ako zinayamba kusowa chonchi, lero sipanala, mawa bokosi lonse. Mtima wanga suli m'malo, Janelle. Tandiyankha."

Amayi 11:40
Uli pamsonkhano?

Janelle 12:06
amayi!!

Janelle 12:06
mwalemba pa GULU. wade ali pompano

Amayi 12:08
Ayi ndalembera iwe.

Janelle 12:08
onani pamwamba. mayina atatu

Amayi 12:10
Mayo ine Mulungu wanga.

Amayi 12:11
Ndafufuta zonse.

Janelle 12:11
zafufutika pa foni yanu yokha. kwa ine zilipo, kwa iye zilipo

Janelle 12:12
foni amaitsekera mu loka ya kuntchito mpaka lanchi, 12:30. mvetserani bwino ndikuuzeni msanga

Janelle 12:14
[voisi 0:49] "Palibe chimene chachotsedwa, amayi. Memore yonse 16 ili momwemo. Kachipangizo kotulutsa zithunzi pa sikirini kalibe memore yakeyake, ndiye laputopu ikangoyaka kamapatula gawo lake pa 16 yomweyo. Zili ngati firiji yanu, kunja imaoneka yaikulu koma malo ena kumbuyo anatengedwa ndi injini. Yanga ya kuntchito ikuti 15 ndi nyenyeswa, ina imapatula zambiri ina zochepa. Zonse zimatero kuchokera kufakitale."

Amayi 12:17
Koma Bev akuti yake sitero.

Janelle 12:17
anti bev sadziwa ndi kuzimitsa tochi ya pa foni yawo plz

Janelle 12:18
komanso ya mtundu wanuwo memore anachita kuwotcherera. sizuka. ndipo palibe munthu angabenthule 2.2 ngati akudula keke

Amayi 12:21
Ndiye sanagwire?

Janelle 12:21
SANAGWIRE

Janelle 12:22
masiku awiri aja amasamutsa zithunzi za adadi kuchokera mu kompyuta yakale ija. anandiimbira kawiri kufunsa mmene angachitire. amafuna akudzidzimutseni lamlungu

Amayi 12:24
Iii ine. Manyazi andigwira.

Janelle 12:24
manyaziwo kenako. lembani chinachake pompano asanatsegule

Amayi 12:26
Ndilembe chiyani?

Janelle 12:26
pepani basi!! mwatsala ndi 4 min

Amayi 12:29
Wade mwanangu, za pamwambazo usawerenge. Ndimangofunsa za makina, ine zimenezi sindizidziwa.

Janelle 12:29
amayi aaa. imeneyo si pepani

Wade waona 12:33

Janelle 12:35
wade

Janelle 12:36
mchimwene wanga ndikudziwa wawerenga. anti bev ndi amene awasokoneza mutu amayi, ukuwadziwa

Amayi 12:41
[kuimba, sanayankhe]

Amayi 12:43
[kuimba, sanayankhe]

Janelle 12:50
ukulemba nkumafufuta, ndikuona timadonthoto. ingotumiza

Wade 12:58
sisi walongosola bwino. 13.8 ndi yolondola. nditaiona tsiku loyamba ndinachita kufufuza, ndinaopa kuti akuberani kusitolo

Amayi 12:59
Pepa mwanangu. Ndalakwa ine. Ubwere tidzakambirane, ndiphika nyama ya mu uvuni ija umaikonda.

Wade 13:01
chitseko ndimatseka chifukwa zithunzi zina zimandiliza. sindimafuna mundimve

Amayi 13:02
[voisi 0:12] "Wade... ndinachita mantha basi. Mantha okhaokha. Sikuti ndinakuganizira zoipa ndi mtima wonse ayi."

Janelle 13:03
wade usapite kwina ukaweruka. ndikutenga ine 5 koloko, tikadye kenako ndikuperekeze kumsonkhano

Wade 13:05
usadandaule sisi, sindibwerera ku mapilisi chifukwa cha laputopu. kumsonkhano ndipita ndekha

Wade 13:06
amayi funso limodzi. musandinamize

Amayi 13:06
Funsa mwanangu.

Wade 13:07
mutatumiza voisi yoyamba ija munakatsegula kabokosi ka mphete zanu?

Janelle 13:08
wade zisiye

Wade 13:12
amayi

Wade 13:19
ndikulowa ntchito 13:30

Amayi 13:26
Zonse zilimo.

Wade wachoka pa gulu 13:27