Malume akukana zoti amuna anga aikidwe magetsi m'mutu

Aphungu,

Ine ndatopa. Amuna anga, a Yesaya, ndi msodzi wa pa chilumba cha Mbenji, koma chaka chino anzawo apita kuchilumba iwo ali chigonere. Kudya n'kowakakamiza, kusamba ndiye musanene, ukonde ukungowolera pakhonde. Kuchipatala anati ndi matenda ovutika maganizo. Mapiritsi awasinthira kangapo, amwa osadumphitsa, koma ayi ndithu.

Tsopano adokotala ku Lilongwe akuti pali chithandizo china, chodutsitsa timagetsi mu ubongo. Malume awo atamva anakanitsitsa. Akuti a Yesaya analowa ndi kachasu pachilumba, pomwe mowa ndi woletsedwa, ndiye chofunika n'kukapepesa mizimu. Anandiuza kuti, "Inu ndinu mkazi chabe. Akakafera kuchipatalako, mlandu ndi wanu."

Dzana a Yesaya anati, "Mayi a Stella, tsiku lina ndidzangopalasa bwato osabwerako." Nkhafi yawo yopalasira ndakaibisa kwa aneba. Ndili ndi mantha, mphamvu zandithera. Nditani?

R.M., Chipoka

Mayi R.M.,

Pepani, mwasenza zambiri nokha. Koma mawu a bwatowo si ocheza. Auzeni adokotala lero lomwe, ndendende momwe anawayankhulira, ndipo bambowo asamakhale okha.

Magetsiwo si aja ogwira munthu pa waya. Wodwala amayamba wagonetsedwa ndi mankhwala, samva ululu, ndipo sizitenga nthawi. Ena amadzuka mutu ukuwawa, ena amaiwalaiwala zinthu kwa kanthawi. Sachiza aliyense, koma adzutsa anthu ambiri amene mapiritsi anawalephera. Funsani adokotalawo kuti adzafunika kupita kangati, ndi kuti thupi lawo lingapirire.

Malumewo musalimbane nawo, nawonso ndi mantha. Atengeni akadzimvere okha kuchipatala, akafunse zonse. Ngati kupepesa kungawakhazike mtima pansi, apite iwowo akawapepesere a Yesaya, koma tsiku la kuchipatala lisasunthe. Komanso nonsenu mukukanganirana mutu wa a Yesaya. Eni akewo mwawafunsa? Bola akumva zomwe akuuzidwa, ovomera kapena kukana ndi iwo. Inunso itanani m'bale wanu muzilandizana, mupumeko.

Mapiritsi asasiye adokotala asananene. Nkhafi mwabisa, mwachita bwino, koma pa Chipoka nkhafi zili khomo lililonse. Musadikire kuti malume afewe kaye.

Aphungu