Maziro amene ndinaika kutsogolo kwa manambala

9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti Ambuye akukusungani bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno amayi miyendo ija yayambiranso kutupa, koma akuyenda, ndipo kutchalitchi sakujomba. Ndalemba pamanja dala, chifukwa pafoni mumandiyankha ndi mawu awiri ngati ndabwera kudzapempha mchere. Iyi muiwerenge mutakhala pansi.

Mukukumbukira sikiriputi ya sheli ija munasiya m'kompyuta ya ofesi yathu, kusukulu ya anamwino? Ndikunena kapulogalamu kaja kotenga nambala ya munthu ndi malikisi ake a mayeso olowera, n'kuwaika pa mzere wa dzina lake, kenako n'kutulutsa mayina khumi ndi awiri a amene apambana. Tsiku limene munandilowetsa ntchito munati, "Iwe usamakhudze kanthu, uzingolemba manambala n'kudina." Zaka zitatu ndinamvera. Chaka chino ndinachimwa, ndipo tchimo lake linali udongo. Manambala ankandinyansa m'mene ankaimira: 1, 10, 11, kenako 2 kumunsi uko. Ndiye ndinaika maziro kutsogolo kuti onse afanane msinkhu, 001, 002, mpaka 040. Ndinawaonetsa bambo aja osunga kaundula, amene inu munawapatsa dzina loti a Chidindo, ndipo anati, "Mwana wanga, manja akowa ndi odala."

Nditadina, kompyuta inalemba mizere ingapo yodandaula. Ndinaiona, achimwene, sindinama. Koma kumunsi mayina khumi ndi awiri anatuluka bwinobwino, nthawi yoweruka inali itakwana, ndiye ndinangosindikiza. A Chidindo anasaina osawerenga, poti amandikhulupirira.

Patapita milungu itatu kunabwera mayi wina wosoka zovala, atagwira dzanja mwana wake wamkazi, amene nambala yake inali 010. Anakana mpando.

"Ine sindinabwere kudzalira pano," anatero. "Mwanayu nsapato zoyera ndinamugulira kale. Tulutsani pepala lake ndilione ndi maso angawa."

Pepala linatuluka. Malikisi 87, kuposa onse amene analemba. Koma pamndandanda malikisi amenewo anali pa dzina lachisanu ndi chitatu, la mtsikana wina amene panopa akugona kale ku hositelo.

"Wasaina ndani apa?" anafunsa mayi uja.

A Chidindo anaimirira, nati ndi iwo.

"Imvi zonsezi, bambo! Anakupatsani chiyani? Mukanandinong'oneza nanenso, makina anga osokera ndikananyamula pamutu kudzakutulirani."

Mwana wake ankangoyang'ana pansi. Ine ndinali patebulo langa, ndikunamizira kufunafuna sitepula m'dilowa. Sabata yomweyo a Chidindo anawaimitsa ntchito, ati aziyembekeza komiti yofufuza. Kumpingo kwawo nako, kumene akhala mkulu wa mpingo zaka makumi awiri, anawauza kuti ayambe akhala kaye mabenchi akumbuyo.

Apa m'pamene ndinakutumizirani uthenga uja wofunsa ngati ziro wakutsogolo amasintha kanthu. Sindinakuuzeni chifukwa chake, ndikuvomera. Inu munayankha kuti, "Ziro kutsogolo ndi okutala, sisi. Ika 10# basi. Aliyense amadziwa zimenezi," n'kuikapo kankhope koseka. Aliyense wake uti, achimwene? Ku koleji munapita ndinu. Ine ndinathera pa sekondale kuti inu mupitirire, ndipo kusekondale kwathu ziro anatiphunzitsa kuti si kanthu.

Zinanditengera masiku awiri kuti ndimvetse. Sheli, ija imawerenga malamulo a sikiriputi m'kompyuta, ikaona nambala yoyamba ndi ziro, imasiya kuwerenga m'makumi monga timawerengera anthufe, n'kuyamba kuwerenga m'magulu a zisanu ndi zitatu, ndiye okutala wanu uja. Kumeneko manambala amathera pa 7. N'chifukwa chake 008, 009, 018 ndi ena otere inkawakana, ndiwo madandaulo aja ndinanyalanyaza. Ndipo 010 kwa iyo si khumi ayi, ndi gulu limodzi la zisanu ndi zitatu. Ndinalemba ndekha `echo $((010))`, inandiyankha 8. Ndinalemba `echo $((10#010))`, inayankha 10. Tizizindikiro titatu chabe, timene mukanaika inu poyamba pomwe. Mwana wa mayi uja malikisi ake anapita kwa wina, iye n'kulandira a 012, amene analephera, poti kwa sheli 012 ndiye khumi. Nditakonza n'kudinanso, pa mayina khumi ndi awiri aja, asanu ndi awiri anasintha.

Ndinapita nazo kwa a pulinsipolo. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anadzuka n'kutseka chitseko.

"Ndiye ukufuna ndikatulutse ana asanu ndi awiri m'kalasi, atavala kale yunifolomu, ndikawauze makolo awo kuti ndi ziro?"

"Koma amayi, a Chidindo alibe mlandu."

"Wakonza?"

"Ndakonza."

"Ndiye basi. Bambo aja akupuma kale pantchito chaka chamawa. Komanso komiti ingamvere iwe, taipisiti, ukuiphunzitsa masamu? Ganizira amayi ako, mtsikana iwe, ndipo potuluka usamenyetse chitseko."

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinauze ngakhale abusa. Nditatuluka muja mtima unapepuka. Ndinati ndaulula, andikana, ndiye kwa Mulungu ndayera. Koma Lamulungu mbale ya Mgonero itafika pa ine, dzanja linakana. Kawiri tsopano ndangoipatsira mnzanga. Amayi aona, akuganiza kuti mwina ndili ndi mwamuna wamseri. Bola zikanakhala zimenezo.

Loweruka lapitali masana ndinapita kwa a Chidindo, pepala la umboni nditalipinda m'Baibulo. Ndinawapeza pakhonde akukhoma mwendo wa mpando, ataonda moti kolala ya malaya ikuchita kuzungulira khosi. Atandiona anaika hamala pansi.

"Mayi, tulukani mudzaone! Ofesi yonse ija, wandikumbuka ndi mwana uyu yekha."

Akazi awo anandipatsa madzi m'tambula ya alendo. A Chidindo anandifunsa za miyendo ya amayi, anandilangiza kuti ndizisamala pantchito poti anthu ndi oipa, kenako anandigwira pamutu n'kundipempherera kuti zimene zawagwera iwo zisadzandigwere ine. Ndinati ameni. Baibulo sindinalitsegule.

Komiti ikukhala pa 27 mwezi uno. Pempho langa ndi limodzi. Lembani kalata yopita kwa iwo, muikepo madigiri anu onse aja ndi siginecha, mufotokoze za ziro ndi okutala m'mawu amene angamve, poti ine andiuza kale kuti sindine woti n'kumveredwa. Mulembe kuti maziro ndinaika ndine, ndipo madandaulo a kompyuta ndinawaona. Musandibise. Koma mulembenso kuti sikiriputi munalemba ndinu, 10# simunaikemo, ndipo simunandichenjezepo. Ndikudziwa kuti ntchito indithera. Zikatero mukonze chipinda, amayi abwera kwa inu, ndipo alamu muwauziretu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti azakhali awo amawatchula m'pemphero tsiku lililonse. Amayi akupereka moni, ati muzivala zofunda. Sakudziwa kanthu. A Chidindo nawonso, pondiperekeza pageti, anandituma kuti ndikupatseni moni wambiri, ati ndinu mwana wanzeru kuposa onse amene anagwirapo nawo ntchito. Ndapereka monga anandituma.

Ngati simulemba, ndiuzeni msanga, ngakhale ndi mawu anu awiri aja, kuti ndidziwe kuti pa 27 ndikaima ndekha.

Ndine mlongo wanu,
yemwe munamulowetsa ntchito.