Masiku Amene Ndinagwira Ntchito ya Galu

Okondedwa Achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Nanga bondo la Amayi lija lasiya kuvuta? Ine ndili bwino, kungoti nthunzi ya simbi kuntchito yandiwawula manja.

Ndikuuzeni zimene zandisiya kukamwa kuli yasa. M'chipinda choyandikana ndi changa mumakhala bambo ena osaona, okonza mapiyano. Ali ndi galu wophunzitsidwa amene amawatsogolera pamsewu. Ine ndinamutcha Kapitawo, chifukwa akavala malamba ake antchito sacheukira munthu, ngakhale umuonetse nyama.

Koma akavula malambawo, galu ndi galu basi. Tsiku lina m'mawa chubu cha mankhwala otsukira mano chinagwa m'bafa lathu, iye n'kuchitafuna mpaka kuphwatalala. Posakhalitsa ndinamupeza akudzandira pakhonde ngati woledzera, kenako anagwa. Bambowo anagwada, n'kumununkhiza kukamwa, ndipo anandiuza kuti ndiitane galimoto msangamsanga.

Dokotala wa ziweto anati m'mankhwala ena otsukira mano muli zotsekemera zimene kwa ife n'zabwinobwino, koma kwa galu zimagwetsa shuga m'magazi n'kuwononga chiwindi. Anati tikanachedwa bwenzi tikukamba zina. Achimwene, ndi maso angawa ndinaona galu ali pa diripi! Bambowo ankamusisita khutu, misozi ili mbwembwembwe, akunena kuti popanda galuyo sangafike ngakhale pagolosale.

Ndiye masiku amene Kapitawo anali m'chipatala, ntchito yake ndinaigwira ine. Ndinkati kutsogolera munthu n'chiyaninso, si ndili ndi maso awiri? Ndinawagunditsa nthambi pamphumi, ndinawapondetsa matope, sitepe ina ndinaiwala kuitchula. Iwo ankangoseka, n'kumati galu wawo sanawachitepo zotere chiyambire. Apa m'pamene ndinadziwa kuti galuyo amaloweza ngakhale msinkhu wa mbuye wake, moti amalambalala nthambi imene iye mwini akanadutsa pansi pake bwinobwino. Mpaka lero ndikadali wodabwa.

Dzulo tinakamutenga. Atangomva ndodo yawo pakhomo, anadzuka miyendo ikunjenjemera, n'kukaima kumanzere kwawo, pamalo ake antchito. Ndinalira ngati mwana, osasamala kuti pali anthu.

Pempho langa ndi limodzi. M'katundu ndinatumiza uja muli machubu amtundu womwewo. Chonde muwaike pamwamba pa kabati, chifukwa galu wa Amayi amatafuna chilichonse, ndipo kwathuko dokotala wa ziweto ali kutali. Inu mukapita kuntchito, Amayi amatsala ndi iyeyo, ndipo ndi yekhayo amene amawamvetsera popanda kutsutsa.

Mundiperekere moni kwa Amayi, alamu anga, azakhali ndi ana onse.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa Amayi