Dzina limene abwera nalo kuloji

Okondedwa asisi,

Kuno dzuwa likuswa mtengo, mvula sinayambe, ndipo ndikulemba masana mwana atagona. Muli bwanji ndi alamu ku Kitwe? Ife tili bwino, mwana akuyamwa.

Lamulungu amuna anga atabwera kuchokera kuloji kumene amagwira ntchito ananena kuti mwana akhala Sherilyn. Apongozi anayesa kulitchula, lilime linawakana, nati, "Iwe, mdzukulu wanga ndizimuitana ndi mluzu?" Anthu anaseka. Amuna anga anati dzinalo ndi losavuta, alendo achizungu amalitchula bwino. Nanga azunguwo ndiwo azidzamutuma kumadzi?

Koma asisi, dzinalo limatuluka mosalala pakamwa pa amuna anga, ngati analizolowera kale. Nditawafunsa kumene analimva, anati pa wailesi, maso ali pa tayala la njinga.

Chonde mufunse alamu mwakachetechete, poti anagwirapo ntchito kuloji komweko, ngati kuli mkazi wa dzina limeneli. Muimbe msanga pa foni ya amayi, chifukwa mchombo ukangogwa dzina likhazikika. Sindifuna kumaitana mkazi mnzanga tsiku ndi tsiku pakhomo panga.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Tisa

Ndamaliza kulemba Lachitatu, 15 hours.